Musafulumire Kutaya Makina Akale a Masewera a Ana

Mwezi wa October, pamene dzuwa liri kuswa mtengo ndipo alimi a m'boma la Chongwe ali kusosa minda ndi kufolera nyumba poyembekeza mvula, ndiyo nyengo imene mabanja ambiri atulutsa katundu wa m'nyumba pabwalo kuti aone za kusunga ndi za kutaya. M'caka ca 2024, pa nchito yotereyi, kunyumba kwa amalume anga, amene akhala pafupi ndi mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, kunatuluka cibokosi ca citsulo cimene cinakhala kunsi kwa kama zaka zoposa 20 osatsegulidwa.

M'cibokosimo munali makina a masewera a pa wailesi ya kanema a mitundu iwiri. Oyamba anali akuda, a zigawo ziwiri zolumikizana: cimodzi colembedwa Mega Drive II, cinzace colembedwa Mega-CD II. Amalume anagula makinawa ku Britain, kumene anapita kukacita maphunziro m'zaka za m'ma 1990, ndipo anatsika nao pa bwalo la ndege la m'boma lathu lino, limene lero lichedwa Kenneth Kaunda International Airport. Aciwiri anali otuwa, opepuka, opanda dzina la kampani iriyonse, ndipo anali ndi makaseti ace acikasu. Awa anagulidwa ku Kamwala mu Lusaka, ndipo ndi aja amene ana onse a nthawi imeneyo anali kuwacha kuti TV game.

Anyamata a panyumbapo sanadikire akulu. Posapeza msanga adaputa ya makina akuda aja, anatenga ya wailesi ina imene inalowa bwino pa cibowo, nailumikiza ku magetsi. Kunamveka kafungo ka cinthu copsa, ndipo cigawo ca Mega-CD cinakhala cete. Safunsa anadya phula. Azakhali, poona kuti zinthuzo zafa, analamula kuti cibokosi conse cipite ku dzala cikatenthedwe pamodzi ndi zinyalala zina. Ndinapempha kuti andilole ndiyambe ndafufuza, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndifuna kugawana nanu awerengi, pakuti mabokosi otere ali m'nyumba zambiri za ku Chongwe, ku Chalimbana, ku Kanakantapa ndi kwina konse kumene kunakhala aphunzitsi, asilikari ndi anchito a Boma m'zaka zimenezo.

KODI ZOONJEZERA NDI CIANI?

Mlimi aliyense adziwa kuti thirakitala payokha siilima. Amaimangirira pulawo pa nthawi yolima, ndi ngolo pa nthawi yokolola. Makina a masewera naonso anali ndi zomangirira zao. Kampani ikagulitsa makina, ndipo patapita zaka ziwiri kapena zitatu kwapezeka luso latsopano, inali kupanga cipangizo cina coti cilumikizidwe ku makina akale aja kuti acite zimene sanali kukhoza kucita poyamba. Zipangizo zimenezi ndizo tiri kuzicha zoonjezera m'nkhani ino.

Kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa makina ochedwa Famicom m'caka ca 1983. Masewera ace anali m'makaseti olimba amene ambiri awacha makatiriji. M'caka ca 1986 kampaniyo inatulutsa coonjezera cochedwa Famicom Disk System, cimene cinali kuwerenga masewera pa tizimbale tofewa. Mwana akatopa ndi sewero lina, anali kupita nako kacimbale kace ku sitolo, kumene makina ena anali kufafaniza sewero lakale ndi kulembapo latsopano pa mtengo wa mayeni 500. Coonjezera cimeneci cinagulitsidwa koposa 4 miliyoni.

M'caka ca 1988 kampani ya NEC inakhala yoyamba kupanga coonjezera cowerenga zimbale za CD, ca makina ace ochedwa PC Engine. Kampani ya Sega, imene inatulutsa Mega Drive m'caka comweco, inatsatira ndi Mega-CD mu December 1991. Ubwino wa CD unali wakuti cimbale cimodzi cinali kusunga zinthu zoculuka koposa makatiriji mazana, motero m'masewera munayamba kumveka nyimbo zenizeni ndi mau a anthu.

CINTHU CIMODZI, NKHOPE ZAMBIRI

Cimene cidabwitsa munthu woyamba kumene kufufuza nkhaniyi ndi cakuti coonjezera cimodzi cinatuluka m'maonekedwe ambiri. Titenge citsanzo ca Mega-CD yomweyi.

Mtundu woyamba, wa 1991, unali kukhala kunsi kwa Mega Drive ngati mpando, ndipo unali ndi kathireyi kotuluka kokha kudzalandira cimbale. Ku America unafika m'caka ca 1992 ndi dzina lina lakuti Sega CD, pakuti kumeneko ngakhale Mega Drive yeniyeniyo inali kuchedwa Genesis. Ku Ulaya unafika m'caka ca 1993. M'caka comweco kunatuluka mtundu waciwiri, wokhala pambali pa makina, wa cibvundikiro cotsegula ndi dzanja. Umenewu ndiwo unali m'cibokosi ca amalume.

Koma sizinathere pamenepo. Kampani ya JVC, imene kwao ku Japan idziwika ndi dzina lakuti Victor, inapatsidwa cilolezo copanga makina ophatikiza Mega Drive ndi Mega-CD m'thupi limodzi. Inawacha Wondermega m'caka ca 1992, ndipo anali ndi polumikiza maikolofoni kuti anthu aziimba motsatira nyimbo. Mtundu wina wa makinawa unagulitsidwa ku America m'caka ca 1994 ndi dzina lakuti X'Eye. Kampani ya Pioneer inaika luso lomwelo m'makina ace akulu ochedwa LaserActive m'caka ca 1993. A Sega eni ace anapanga kamtundu kakang'ono kochedwa Multi-Mega ku Ulaya ndi CDX ku America, kamene munthu anali kukhoza kukaika mabatire awiri ndi kumverapo nyimbo ali pa ulendo. Ndiponso kampani ya Aiwa inaika Mega Drive ndi Mega-CD mkati mwa wailesi ya kaseti, imene inagulitsidwa ku Japan m'caka ca 1994.

Zonsezi ziseweretsa masewera amodzimodzi. Koma kwa anthu amene asonkhanitsa makina akale, ciriconse ndi cinthu pacokha, ndipo pali ena amene atha zaka zambiri ndi ndalama zambiri kufunafuna mtundu umodzi wokha umene ukusowa pa shelefu yao. Anthu otere ali ku Japan, ku Ulaya, ku America, ku Brazil ndi ku South Africa. Ambiri a iwo ndi aja amene anali ana pa nthawi imene makinawa anatuluka, ndipo tsopano ndi akulu a mabanja ao.

CIFUKWA CACE MITUNDU INACULUKA

Pali zifukwa zinai zimene zinacititsa kuti mitundu iculuke motere, ndipo munthu akazimvetsa sabvutika kuzindikira cimene ali naco m'nyumba.

Coyamba ndi kusiyana kwa mawailesi a kanema. Ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain kunali kugwira nchito njira yochedwa PAL, imene isintha cithunzi ka 50 pa sekondi imodzi. Ku Japan ndi ku America kunali njira ya NTSC, imene isintha ka 60. Makina a dziko lina sanali kuonetsa bwino pa wailesi ya dziko lina, ndipo masewera ambiri opangidwira ku Japan anali kuyenda mocedwerapo pa makina a PAL, pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 6. Pamwamba pa ico, a Sega anaika loko mkati mwa Mega-CD kotero kuti cimbale ca ku Ulaya cikana kusewera pa makina a ku America kapena a ku Japan.

Caciwiri ndi kusiyana kwa magetsi. Ku Japan magetsi a m'nyumba ndi a mphamvu ya 100 volts, ku America 120, koma kuno kwathu ndi ku Britain ndi 230. Dziko liri lonse linali ndi adaputa yace.

Cacitatu ndi kufuna kucepetsa ndalama zopangira. Kathireyi kotuluka kokha kafuna mota ndi lamba, ndipo zimenezi zikwera mtengo ndiponso zifa msanga. Ndico cifukwa cace mtundu waciwiri wa Mega-CD unabwera ndi cibvundikiro ca dzanja. Mega Drive yoyamba inali ndi polumikiza zomvera za m'makutu kutsogolo kwace, koma pa Mega Drive II anacotsapo.

Cacinai ndi kusintha kwa mkati kumene sikuoneka kunja. Makina awiri angafanane ngati mapasa, koma mukawatsegula mupeza kuti mabolodi ao ndi osiyana. Pa Mega Drive yoyamba, mabolodi analembedwa zizindikiro zoyambira VA0 kufikira VA7. Osonkhanitsa ambiri akonda mabolodi oyambirira cifukwa ca kukoma kwa mau ace, ndipo adandaula ndi VA7 kuti mau ace ndi osamveka bwino. Kwa ife izi zingaoneke zazing'ono, koma ndi cimodzimodzi ndi mlimi amene asiyanitsa mbeu ziwiri za cimanga zimene munthu wa m'tauni aziona ngati imodzi.

TIZINTHU TING'ONOTING'ONO NDITO TISOWA

Phunziro lalikulu pa nkhaniyi licokera ku coonjezera cina ca Sega cochedwa 32X. Cimeneci cinatuluka kumapeto kwa caka ca 1994, ndipo cinali kulowa pamwamba pa Mega Drive, pa malo olowetsa katiriji. Naco cinali ndi maina osiyana: Genesis 32X ku America, Mega Drive 32X ku Ulaya, Super 32X ku Japan, ndi Mega 32X ku Brazil. Malonda ace sanayende bwino, cifukwa pa nthawi yomweyo a Sega anatulutsa makina atsopano ochedwa Saturn, ndipo anthu anaona kuti nkwabwino kudikira amenewo. Pofika 1996 analeka kucipanga, citakhala ndi masewera 40 okha, ndipo 6 mwa amenewo afuna kuti munthu akhale ndi Mega Drive, Mega-CD ndi 32X zonse pamodzi, ciriconse ndi adaputa yace.

M'bokosi la 32X munali kanthambo kafupi kolumikiza cithunzi kucokera ku Mega Drive, tizitsulo tiwiri topyapyala tolowa pakamwa pa makina, ndi kapulasitiki kothandiza kuti ikhazikike bwino pa Mega Drive II. Popanda kanthambo kaja, 32X siionetsa masewera moyenera. Tsono tizinthu timeneti ndito timayamba kutayika m'nyumba: mwana atenga nthambo kukamangira galimoto yace ya mawaya, mai atenga bokosi kuikamo mazira, ndipo buku la malangizo likolezedwa moto. Motero lero makina opanda tizinthu tace apezeka mosabvuta, koma athunthu, okhala ndi bokosi ndi mabuku ace, ndi osowa, ndipo mtengo wace uposa kwambiri wa makina amaliseche.

Citsanzo cina ndi Super Game Boy, coonjezera ca Nintendo ca 1994 cimene cinalola kuti masewera a kamakina ka m'manja kochedwa Game Boy aoneke pa wailesi ya kanema. Mtundu woyamba unali kuthamangitsa masewera pang'ono koposa liwiro lace lenileni. M'caka ca 1998 anatulutsa Super Game Boy 2 imene inakonza colakwaco, koma anaigulitsa ku Japan kokha. Kusiyana kwace munthu wamba sangakumve ndi khutu, koma ndiko kumene osonkhanitsa afunafuna. Kuona maso a nkhono nkudekha.

ZA MITENGO TINENE ZOONA

Pano tiyenera kucenjezana, cifukwa nkhani ya ndalama isokoneza mitu ya anthu. Nzoona kuti makina ena akale agulitsidwa pa mitengo yoopsa. Ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makampani a Nintendo ndi Sony anagwirizana kupanga makina owerenga CD a masewera a Super Nintendo. Mgwirizanowo unatha makinawo asanafike m'masitolo, ndipo a Sony anapita kukapanga PlayStation yao, imene inatuluka m'caka ca 1994. Amodzi mwa makina oyeserera a mgwirizano uja anapezeka pakati pa katundu wa kampani ina ya ku America imene inagwa m'caka ca 2009. Munthu wina anagula mulu wa katunduyo pa madola 75 osadziwa cimene cinali mkati. Mu March 2020 makinawo anagulitsidwa pa malonda a okushoni a kampani ya Heritage Auctions pa madola 360,000.

Koma tisaiwale cifukwa cace. Makina amenewo sanagulitsidwepo m'sitolo iriyonse pa dziko lapansi. Mtengo wa cinthu cakale utsatira kusowa kwace, osati ukalamba wace. Coonjezera ca Nintendo cochedwa 64DD, cimene cinatuluka ku Japan kokha mu December 1999, cinagulitsidwa pafupifupi 15,000 cabe, motero ncosowa. Koma Mega-CD inagulitsidwa koposa 2 miliyoni. Mega-CD II ngati ya amalume iri ndi mtengo ndithu, makamaka ikakhala yamoyo ndi yathunthu, koma siingagule munda kapena kumanga nyumba. Munthu asasiye kugula feteleza poyembekeza cuma ca m'cibokosi.

Mbali inanso, tisalole kunyengedwa. Pali ogula oyendayenda amene atenga zinthu zotere pa mtengo wa zitsulo zakutha, podziwa kuti mwini wace sadziwa cimene ali naco. Onse awiri, woyembekeza zambiri ndi wogulitsa motaya, bvuto lao ndi limodzi: sanawerenge zolembedwa kunsi kwa makina ao.

NANGA TV GAME YATHU IJA?

Ana ambiri a m'Zambia sanaonepo Mega-CD. Cimene cinafika m'nyumba zathu, makamaka malonda a katundu wakunja atatseguka pambuyo pa caka ca 1991, ndi makina otuwa aja a makaseti acikasu. Makinawa anali otsanzira Famicom ya 1983, opangidwa ku Taiwan ndi ku China popanda cilolezo ca Nintendo. Anafalikira m'maiko ambiri kumene makina enieni anali okwera mtengo kapena osapezeka, ndipo dziko liri lonse linali ndi dzina lace: Dendy ku Russia kuyambira 1992, Pegasus ku Poland, Golden China ku South Africa. Ena analembedwa Micro Genius, ena Terminator 2, ena PolyStation.

Naonso ali ndi mitundu yosawerengeka. Ena anaumbidwa ngati Mega Drive, ena ngati PlayStation, koma mkati mwace onse ndi Famicom yomweyo. Makolo ambiri anagulira mwana PolyStation poganiza kuti ndi PlayStation, koma potsegula cibvundikiro ca CD anapeza malo olowetsa katiriji. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Ena anabwera ndi mfuti ya pulasitiki yoombera abakha, ena ndi kiyibodi ndipo anagulitsidwa ngati kompyuta yophunzitsa ana. Oyambirira anali ndi tizipangizo tambiri mkati, koma a pambuyo pace muli kadontho kamodzi kakuda kamene kagwira nchito yonse. Pa makaseti ace panalembedwa kuti muli masewera 9999, koma mwana aliyense anazindikira msanga kuti ndi masewera owerengeka okha obwerezedwa ndi maina ena.

Makina awa sadzalemeretsa munthu. Koma ku Russia ndi ku Poland anthu asonkhanitsa mitundu ya Dendy ndi Pegasus ndi kulemba mbiri yace, cifukwa ndiyo inalera ana a maiko ao. Ifenso tiri ndi mbiri yathu. Kwa ana ambiri a m'boma lino, TV game ndiyo inali makina oyamba amene anawalamula ndi zala zao, zaka zambiri foni ya m'manja isanafike. M'midzi yopanda magetsi anali kuilumikiza ku batire ya galimoto pamodzi ndi kawailesi ka kanema kopanda mitundu. Mbiri imeneyi munthu wa ku Japan kapena wa ku America sadzabwera kudzatilembera. Mwini wace ndi ife.

KUSUNGA NDI KUTAYA

Ena angafunse kuti, kodi zoseweretsa za ana nzoyenera kusungidwa? M'caka ca 2023 bungwe la ku America lochedwa Video Game History Foundation linafalitsa zotsatira za kufufuza kwace, zoonetsa kuti mwa masewera 100 alionse amene anatuluka m'dzikolo caka ca 2010 cisanafike, 87 sapezekanso pa malonda. Njira imodzi yowaonera ndi makina akale amene anthu asunga. Nyumba yosungiramo zakale yochedwa The Strong, mu mzinda wa Rochester ku America, isunga makina ndi masewera ambirimbiri otere, ndipo a Nintendo anatsegula nyumba yao ya zakale ku Uji, pafupi ndi Kyoto, mu October 2024. Ife a Zambia nzeru imeneyi siyacilendo kwa ife. Ku Livingstone tisunga masitima akale a malasha m'nyumba ya zakale za njanji. Pa nthawi yace masitimawo anali cabe zida za nchito, ndipo akadadulidwa kukhala zitsulo zakutha, ana a lero sakadadziwa cimene cinanyamula agogo ao.

Ndipo ngakhale makina atafa kotheratu, dzala si malo ace. Lipoti la mabungwe a United Nations linaonetsa kuti m'caka ca 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo za magetsi, ndipo zosafika gawo limodzi mwa magawo anai ndizo zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. M'mabolodi a makina akale muli mtovu umene analumikizira mawaya, ndipo m'galasi la wailesi ya kanema yakale muli mtovu wambiri. Pulasitiki yace ikapsa itulutsa utsi wa poizoni. Anzathu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa m'caka ca 1994, adziwa bwino cimene mtovu ucita ku ubongo wa mwana. Phulusa la pa dzala mvula ikagwa litsikira m'zitsime ndi mu mtsinje wa Chongwe, umene anthu ndi ziweto zambiri zidalira. Amene ali ndi zipangizo zakufa zoculuka afunse ku khonsolo kapena ku bungwe loona za cilengedwe la ZEMA za katayidwe koyenera.

ZOYENERA KUCITA MUKAPEZA MAKINA OTERE

Coyamba, musalumikize ku magetsi musanawerenge. Tembenuzani makina ndi adaputa, muone mphamvu ya magetsi imene yalembedwa. Adaputa yolembedwa 100 kapena 120 volts ikalowa pa khoma lathu ipsa nthawi yomweyo. Ndiponso adaputa kulowa pa cibowo sindiye kuti ndi yace: ena atulutsa magetsi mozondoka, ndipo ndiwo anapha Mega-CD ya amalume. Ngakhale Mega Drive II ndi Mega-CD II, zimene zigwira nchito pamodzi, ziri ndi maadaputa osiyana.

Caciwiri, lembani m'buku dzina la makina ndi nambala ya mtundu wace imene iri pa kapepala komata kunsi. Musamatule kapepalako, ndipo musapake utoto.

Cacitatu, sungani zonse pamodzi: nthambo, zogwirira m'manja, tizitsulo, bokosi, mabuku, ngakhale lisiti la ku sitolo.

Cacinai, cotsani mabatire onse, cifukwa akakhalitsa atulutsa madzi amene adya mawaya. Ikani makina pouma, posafika dzuwa, pamwamba posafika ciswe, mphemvu ndi makoswe.

Cacisanu, makina akakana kuyaka musawamenye kapena kuwatsegula ndi mpeni. Kawirikawiri cimene cafa ndi cinthu cacing'ono: fyuzi, lamba wa mpira amene wasungunuka ndi ukalamba, kapena makapasita amene atha mphamvu. Wokonza mawailesi wodziwa nchito yace angasinthe zimenezi. Muuzeni akubwezereni zimene wacotsa, ndipo mukadzagulitsa nenani zoona kuti makinawo anakonzedwapo.

Cacisanu ndi cimodzi, magetsi akazima zulani adaputa pa khoma. M'caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba cifukwa ca cilala ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, tonse tinaona kuti pobwera nthawi zina abwera ndi mphamvu yoononga zipangizo.

Cacisanu ndi ciwiri, ngati muli ndi wailesi ya kanema yakale ya cimimba imene ikali yamoyo, isungeni. Mfuti ya abakha ija siigwira nchito pa mawailesi atsopano opyapyala.

Cotsiriza, mukafuna kugulitsa, jambulani makinawo ndi foni, ndipo pemphani wodziwa intaneti akuonereni mitengo imene ena anagulitsira ndithu, osati imene angochula. Musatumize katundu kwa munthu wosamdziwa ndalama zisanafike m'manja mwanu.

ZA CIBOKOSI CIJA

Mega-CD ya amalume ndinapita nayo kwa wokonza mawailesi wina pa Chongwe. Ataitsegula anapeza kuti fyuzi ndiyo inapsa, ndipo inafa poteteza zina zonse. Anaikamo ina, napukuta diso lowerenga cimbale, ndipo ndalama zonse sizinafike pa mtengo wa nkhuku imodzi. Adaputa yace yeniyeni inapezeka pansi pa cibokosi comweco, itakulungidwa m'nyuzipepala yakale.

Tsiku limene tinaiyatsa, amalume anakhala pa mpando wao wa ndalema, adzukulu atawazinga, ndipo anaonetsa anawo kagwiridwe ka zogwirira m'manja. Ananena kuti sagulitsa. Anatenga pepala nalembapo mzinda umene anagula makinawo, caka cace, ndi maina a ana onse amene anasewerapo, kenaka analiika m'cibokosi. Anacita cimodzimodzi ndi TV game ya ku Kamwala, ndipo anakumbukira mtengo wace m'ndalama zakale, zija tinali kuwerenga Kwacha isanacotsedwe maziro atatu m'caka ca 2013.

Cinthu cimodzi cokha sicinapezeke. Mfuti ya abakha inapita ku dzala pa kusesa kwa caka cina kalekale, ndipo azakhali akumbukira bwino tsiku limene inatenthedwa. October akubweranso. Musanakoleze moto pa dzala, tsegulani cibokosi, tembenuzani makina, muwerenge zimene zalembedwa kunsi kwace.